Amati tsoka silinunkha, koma la m'bokosi la magetsi limanunkha

Achemwali anga ali ndi kagolosale kutsogolo kwa nyumba yawo mumzinda wa Blantyre. Amagulitsa sopo, shuga, mafrizesi ndi nkhuku za m'filiji, ndipo pakhonde pamakhala beseni la usipa ndi lina la utaka. Mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo, mushopumo munayamba kumveka fungo ngati la nsomba yowola. Anasanthula usipa wonse, wina anataya, mabeseni n'kutsuka ndi sopo, koma fungo silinachoke. Anaganiza kuti mwina khoswe wafera kudenga. Anakwezako mwana, osapezako kanthu.

Tsiku lachinayi kunabwera bambo wina wachikulire kudzagula buledi. Bamboyo ndi mmisiri wa zamagetsi. Atangonunkhiza anafunsa kuti, "Mayi, kodi main switch yanu ili pati?" Anawalozera kabokosi kamene kanali kuseri kwa shelefu ya shuga. Anakhudza chivundikiro ndi kuseri kwa dzanja n'kulichotsa msangamsanga, chifukwa chinali chotentha ngati chivundikiro cha poto. Anazimitsa magetsi n'kukatenga zida zake. Atatsegula anapeza waya mmodzi wakuda atapserera, pulasitiki yake ikuyoyoka ngati makala. Sikuluwu yogwira wayayo inazungulira kawiri kathunthu isanalimbe. Fungo la nsomba lija linali la pulasitiki ya m'bokosimo imene inali kupsa pang'onopang'ono, ndipo pamwamba pake panali makatoni a machesi ndi makandulo.

M'shopu imeneyo muli mpamba wa banki mkhonde, sukulu fizi ya ana atatu ndi filiji imene ngongole yake inali isanathe. Zonsezo zikanapita chifukwa cha kasikuluwu kamodzi. N'chifukwa chake sabata ino tasiya kaye mitengo ya tomato ndi anyezi kuti tikambe za bokosi limene ambirife timalitcha main switch, pamene amisiri amati DB. Nkhaniyi ikukhudza aliyense amene geni yake imadalira magetsi, kaya ndi wa saluni, wa babashopu, wotchajitsa mafoni, wa popukoni kapena wowotcherera, komanso inu amene mumagulitsa mawaya ndi masoketi pamsika.

Buleka sidziwa kuti sikuluwu yamasuka

Ambiri timakhulupirira kuti bola m'bokosi muli mabuleka, chilichonse chikalakwika magetsi azima okha. Buleka imagwa pa zifukwa ziwiri: pakachitika shoti, kapena mukayatsa zipangizo zokoka magetsi opitirira mlingo umene walembedwa pa bulekayo. Sikuluwu yomasuka sichita chilichonse mwa ziwirizi. Magetsi amadutsa mlingo womwewo wa masiku onse, kungoti akudutsira pakamalo kakang'ono pamene waya akungokhudza chitsulo. Pamenepo ndi pamene pamatentha, buleka ili phee.

Masamu ake ndi awa. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi mavolti 230. Ketulo kapena draya ya tsitsi ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9. Amisiri amayeza kuvuta kwa njira ya magetsi ndi muyeso wotchedwa ohm, ndipo pa sikuluwu yomangidwa bwino nambala imeneyi imakhala pafupi ndi ziro. Ikamasuka n'kufika theka la ohm, maampu 10 akamadutsa pamatuluka kutentha kwa mawati 50, pafupifupi ngati mababu akale aja amene sitinkatha kuwagwira akayaka. Mukayatsa draya yachiwiri, maampu n'kufika 20, kutenthako kumawirikiza kanayi n'kufika mawati 200, pamalo osakwana chikhadabo.

Vutoli limadzidyetsa lokha. Kopa akatentha amafufuma, akazizira amabwerera, ndipo akachita zimenezi tsiku ndi tsiku sikuluwu imamasukirabe. Kutentha kumadetsanso kopa, ndipo kopa wakuda sadutsitsa bwino magetsi, choncho mawa pamatentha kuposa lero. Filiji imene imalira n'kusiya usana ndi usiku, kuphatikizapo kuzimazima kwa magetsi, zimafulumizitsa zonsezi. Waya akafika pomakhudza n'kusiya, pamayamba kuthetheka moto, ndipo kompresa ya filiji nayo imavutika ndi magetsi odukizadukiza otere.

Mmisiri akamamanga, imani pafupi

Simukuyenera kukhala mmisiri kuti muzindikire ntchito yabwino. Safunsa anadya phula, choncho tsiku limene akumanga bokosi lanu tsekani kaye malonda kwa ola limodzi muone ndi maso anu.

Yambani kuona kasendedwe ka waya. Akasenda motalika, kopa amaonekera kunja kwa buleka ndipo chala kapena waya wina akhoza kukhudza. Akasenda mofupika, sikuluwu imaluma pulasitiki m'malo mwa kopa. Kunja zimaoneka zolimba koma magetsi akudutsira pang'ono, ndipo ndi zomwezo zimene zimabala fungo lija. Wosenda ndi mpeni kapena ndi mano amatema kopa, ndipo pamene patemedwapo ndi pamene waya amadzathyokera. Waya wa timinga tambiri alowe ndi timinga take tonse. Mukaona mmisiri akudulako tina kuti waya akwane pabowo, muimitseni, chifukwa waya amene munagula wa 6mm wasanduka wa 4mm pamalo omwe pamafunika mphamvu. Waya wamng'ono wa msonga imodzi akalowa m'bowo lalikulu, amisiri abwino amaupinda kopayo pawiri kuti sikuluwu ipeze pogwira.

Buleka yambiri ili ndi kachitsulo kamene kamakwera n'kupana waya sikuluwu ikamazungulira. N'zosavuta kulowetsa waya kuseri kwa kachitsuloko m'malo molowetsa m'kamwa mwake. Sikuluwu imalimba ndithu koma waya sanagwidwe. Chimodzimodzi ndi mano a chitsulo cha kopa chimene chimagawira magetsi ku mabuleka onse. Mankhwala ake ndi amodzi: akamaliza kumanga, akoke waya aliyense payekha inu mukuona. Amene wasuntha amangidwenso. Kumanga mopyola muyeso nakonso n'kulakwa chifukwa kumaphwanya kopa kapena kudya mazinga a sikuluwu. Opanga mabuleka amalemba mlingo wa kamangidwe, ndipo pali sikuludiraiva yapadera imene imadumpha mlingowo ukakwana. Mawaya aakulu ochokera ku mita amafuna kubwerezedwa pomaliza, popeza timinga take timakhazikika akawapinda ndi kuwasuntha.

M'bokosi muli timipiringidzo tiwiri ta mabowo ambiri, kena ka nyutulo kena ka ethi. Bowo lililonse lilandire waya mmodzi, motsatira ndondomeko ya mabuleka. Kupiringiza mawaya atatu n'kuwakankhira m'bowo limodzi kumasiya mmodzi ali lende. Kwa achemwali anga cholakwika chinali chimenechi. Waya wa ethi avekedwe kachubu kobiriwira ndi chikasu. Ngati bokosi ndi lachitsulo, pamabowo olowera mawaya pakhale timphira toteteza kuti chitsulo chisacheke pulasitiki. Muuzeninso asiye waya wotsalako pang'ono m'kati, kuti tsiku lina msonga ikadzapsa adzangodula n'kumanganso, m'malo molumikiza ndi tepi. Pomaliza alembe pansi pa buleka iliyonse kuti iyi ndi ya magetsi owunikira, iyi ya masoketi, iyi ya filiji. Usiku wa mavuto simudzakhala ndi nthawi yolotera.

Pa mitundu ya mawaya pali msampha. M'nyumba zambiri wofiira ndi layivu, wakuda ndi nyutulo. Ku Britain anasintha pakati pa 2004 ndi 2006, layivu n'kukhala wa bulawuni, nyutulo wa buluu, pamene ku South Africa mawaya a m'makoma akadali ofiira ndi akuda. Mitundu yonseyi imapezeka m'mashopu athu. Pa magetsi a mafezi atatu, monga a kuchigayo, wakuda pa dongosolo latsopano ndi layivu, ndipo wa buluu pa dongosolo lakale analinso layivu. Mmisiri wodziwa ntchito amayeza kaye ndi chipangizo asanakhulupirire mtundu.

Buleka imateteza waya

Waya aliyense ali ndi buleka yomuyenera. Wa 1.5mm ndi wa magetsi owunikira ndipo amayenda ndi buleka ya maampu 6 kapena 10. Wa 2.5mm ndi wa masoketi, pa buleka ya maampu 20 ngati mzere wake ukungopita osabwerera. Kuka yaikulu ya uvuni imafuna waya wa 6mm pa buleka ya maampu 32. Masoketi ena amamangidwa mozungulira, mawaya awiri a 2.5mm kuchoka pa buleka ya maampu 30 kapena 32 n'kubwereranso pomwepo. Pa dongosolo limeneli waya mmodzi akamasuka masoketi onse amagwirabe ntchito, inu osadziwa kanthu, koma katundu yense watsalira waya mmodzi amene buleka yake yamukulira.

Apa ndi pamene amalonda ambiri timapsera. Saluni yayamba ndi draya imodzi, Mulungu wadalitsa zafika zitatu, kuwonjezapo ketulo yotenthetsera madzi. Buleka ya 20 yayamba kugwa Loweruka lililonse makasitomala ali pamzere. Ndiye pamabwera wina n'kunena kuti bulekayo ndi yofooka, tiikepo ya 40. Kugwa kumathadi, koma waya wa m'khoma akadali wa 2.5mm yemweyo, ndipo tsopano palibe chomuteteza. Buleka ikamagwa ikukuuzani kuti bizinesi yakula kuposa wayaring'i. Chofunika ndi mzere wina watsopano wokhala ndi buleka yakeyake. Filiji ya malonda nayo ndi bwino ikhale pa mzere wayokha, kuti ayironi ikagwetsa buleka usiku nkhuku zisasungunuke.

Makina owotcherera ndi uvuni wa buledi asalumikizidwe pa ekisitenshoni. Inu amene mumaoda katundu ku Johannesburg mukudziwa kuti zipangizo za kumeneko zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu a makona. Kukakamiza pulagi yotere, kapena kutsegula soketi ndi kamtengo n'kulowetsa mawaya opanda pulagi, kumakulitsa timano ta m'kati mwa soketi, ndipo kutentha kuja kumayambira pamenepo. Dulani pulagiyo muikepo yathu ya fyuzi, imene sipitirira maampu 13.

Funsaninso ngati m'bokosi mwanu muli earth leakage, chipangizo chimene chili ndi kabatani koyesera ndipo palembedwa 30mA. Ntchito yake ndi kuzimitsa magetsi akayamba kudutsira m'thupi la munthu kapena m'chitsulo cha filiji. Kwa a saluni ndi a butchala, amene manja amakhala onyowa tsiku lonse, chipangizochi ndi moyo. Dinani kabataniko miyezi itatu iliyonse. Magetsi akapanda kuzima, chafa.

Waya wotchipa ndi sikelo ya nyama

Zipangizo zambiri zamagetsi zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa mpukutu wa waya umasintha musanamalize kusunga ndalama yake. Ndiye munthu ukapeza mipukutu iwiri yolembedwa 2.5mm, wina wotsika mtengo ndi theka, mtima umathamangira komweko. Dziwani kuti mtengo wa waya ndi mtengo wa kopa amene ali m'kati mwake. Wotchipa kwambiri ndiye kuti kopa wachepa, kapena mulibiretu.

Chinyengo chimabwera m'njira zitatu. Pali waya wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, pali waya wopyapyala wobisidwa m'pulasitiki yonenepa, ndipo pali mpukutu woperewera. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 10 a kopa wa kukula komweko, choncho amatentha msanga. Ndi wofewanso, moti pansi pa sikuluwu amaphwatalala pang'onopang'ono mpaka kumasuka ngakhale mmisiri anamanga bwino, ndipo amathyoka mukamupinda kangapo.

Kuyesa kwake sikufuna sukulu. Pemphani kachidutswa, palani kopayo ndi mpeni. Kopa weniweni ndi wofiirira mpaka m'kati, wachinyengo amayera ngati ndalama yachitsulo. Yandikizani maginito a sipika yakale. Kopa sakokedwa ndi maginito, ndiye waya akamamatira muli chitsulo. Kenaka ikani mpukutu pa sikelo, ngakhale ya abutchala. M'mamita 100 a waya mmodzi wa 2.5mm, kopa yekha amalemera makilogalamu oposa 2.2, ndipo pamodzi ndi pulasitiki mpukutuwo umafika cha m'ma 3. Wa 1.5mm kopa wake ndi makilogalamu 1.3. Aluminiyamu salemera n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu a kopa, choncho sikelo siinama. Werenganinso chizindikiro cha kutalika, chifukwa mayadi 100 ndi mamita 91 okha. Waya wabwino amakhala ndi dzina la kampani, kukula kwake ndi mavolti zitadindidwa pa pulasitiki mobwerezabwereza kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mukapeza katundu wokayikitsa, bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards ndi kumene mungakadandaule.

Kwa inu ogulitsa, makasitomala anu enieni ndi amisiri, ndipo amisiri amauzana. Amene wabwezedwa ntchito chifukwa cha waya wa pabenchi panu sabweranso, ndipo anzake onse amva. Poodapo yesani katundu musanalipire. Sungani kachidutswa kosenda ka waya weniweni ndi ka wachinyengo pa kauntala kuti wogula adzionere yekha chifukwa chake mitengo ikusiyana. Wina akafuna waya wa sipika kapena wopyapyala wa wailesi kuti akokere magetsi ku shopu, muuzeni zoona ngakhale mutaya malonda a tsikulo. Pamsika mashopu ndi ogundizana, ndipo moto wa kwa mnzanu sufunsa kuti benchi iyi ndi ya yani.

Wogwira ntchitoyo ndi ndani

Pafupifupi dera lililonse lili ndi mnyamata amene amati amadziwa zamagetsi. Ena amadziwadi, ena anangoonerera. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi m'nyumba, ndipo ESCOM isanalumikize nyumba yatsopano imafuna umboni wakuti wayaring'i anachita ndi munthu wovomerezeka. Kufunsa chiphaso si mwano. Funsaninso ngati ali ndi zipangizo zoyezera, chifukwa kuyaka kwa babu sikutanthauza kuti ntchito ili bwino. Babu limayaka ngakhale ethi isanalumikizidwe n'komwe.

Pogwirizana mtengo, lekanitsani ndalama ya zipangizo ndi ya ntchito, ndipo zipangizo mukagule limodzi. Mukangopereka ndalama yonse pamodzi, phindu la mmisiri limachokera pa kuchepetsa waya. Gawo lomaliza la malipiro lidikire mpaka ayeze, alembe mabuleka ndi kukoka mawaya inu muli pomwepo.

Mita ndi chidindo chake ndi za ESCOM, ndipo kuzigwira ndi mlandu. Kukokera magetsi ku shopu ya mnzanu kapena ku mabenchi a kutsogolo nakonso n'koletsedwa, ndipo katundu yense wa anthu amenewo amadutsira pa masikuluwu a m'bokosi mwanu. Pa mdadada wa mashopu amene amagawana mafezi atatu pali ngozi ina. Nyutulo wamkulu akamasuka, mashopu ena magetsi amachepa pamene ena amakwera kulowera ku mavolti 400. Mukaona mababu anu akuwala modabwitsa pamene a mnzanu akuzilala, zimitsani main switch nthawi yomweyo, zulani filiji ndi matchaja, ndipo dziwitsani ESCOM.

Ngati shopu ndi ya lendi, onani bokosi musanapereke ndalama ya miyezi itatu. Gwirizanani ndi eni nyumba, polemba, kuti zokonza magetsi alipira ndani. Nyumba yomangidwira banja la mababu anayi ndi wailesi siingasanduke saluni popanda kuonanso mawaya.

Zimene mungachite nokha

Kamodzi pa sabata, nthawi imene zipangizo zonse zikugwira ntchito, khudzani chivundikiro cha bokosi ndi kuseri kwa dzanja louma. Kufunda pang'ono kumachitika, koma kutentha kokuchotsetsani dzanja ndi chenjezo. Nunkhizani. Tcherani khutu ngati mukumveka kulira kwa ziii kapena kuthetheka. Onani ngati pulasitiki ya buleka kapena ya soketi yayamba chikasu kapena kuda. Mababu akamaphethira nthawi iliyonse filiji ikalira, itanani mmisiri aone. Chotsani makatoni, mafuta, machesi ndi zovala pafupi ndi bokosi, ndipo aliyense wogwira ntchito mushopu adziwe pamene lili, ngakhale mumdima.

Chimene simuyenera kuchita ndi kutsegula bokosilo nokha kuti mumange sikuluwu. Ngakhale mutazimitsa main switch, mawaya ochokera ku mita amakhala adakali ndi magetsi, ndipo ali pafupi kwambiri ndi pamene dzanja lanu lingapite. Moto ukabuka musathire madzi magetsi asanazime. Zimitsani ngati mungafikepo bwinobwino, gwiritsani ntchito mchenga wouma kapena chozimira moto cha ufa, tulutsani anthu ndipo itanani ozimitsa moto. Mukakulitsa bizinesi ndi chipangizo chachikulu chatsopano, kapena pakapita zaka zingapo bokosi lisanatsegulidwe, itanani mmisiri ayeze ndi kubwereza masikuluwu onse.

Achemwali anga anatseka shopu theka la tsiku. Bambo aja anasintha kampiringidzo ka nyutulo, anadula msonga zopsa, anapatsa waya aliyense bowo lake, filiji n'kuikokera mzere wakewake. Zonse pamodzi sizinafike mtengo wa nkhuku khumi za m'filijimo. Shelefu ya shuga inasunthidwa, machesi anapita kukhoma lina, ndipo pakhomo la bokosi pamatidwa kapepala kolembedwa tsiku limene linaonedwa. Chimene amadandaula mpaka lero ndi usipa uja anataya, poti unalibe mlandu.